Pamene Chala cha Hoyt Chinkagwira

"Alamu, ndayenda Texas yense mpaka ku Mexico, sindinaone mfuti yowala chonchi!" anadzitama Delbert, akupereka kwa Lurleen kamfuti kam'thumba ka malemu mwamuna wake, Hoyt. "Ndakapala konse, ndakapakanso mtundu wakuda. Zipolopolo zakale zaliwiro zija ndaomba zonse. Kakulavulabe moto!"

Lurleen anali atangomupempha kuti akapukute fumbi basi. Anakatembenuza, akufunafuna pamene chala cha Hoyt chinayeretsa chitsulo pogwirapo zaka zambiri. Panali pakuda bii.

Delbert anakumbukira kuti pomwepo ndi pamene anakhula mwamphamvu. Anangoyang'ana pansi.

"Nkokongola, alamu," anatero Lurleen, akumubwezera. "Kasungeni. Mukadzakapeza ka Hoyt, mundibweretsere."