Makiyi a Sitolo Yatsopano

Chaja ankapukuta galasi la pa kauntala pamene anamva kuseka mu ofesi ya amalume ake. Anali msuweni wake, mwana wa amalumewo, amene anabwera m'sitolomo chaka chomwecho akununkhirabe sukulu. Chitseko chinali chotseka. Masiku amenewo chinkangokhala chotseka.

Dzina loti Chaja analitolera pakhonde. Sitolo isanakule, iye ndi amalume ankagulitsa machaja ndi mabatire pa katebulo, dzuwa likuwaphika pamutu. Kenako kunabwera mafoni opanda mabatani, ongosisita ndi chala, ndipo anthu anawathamangira ngati akugawidwa ulere. Woyendetsa minibasi ankafuna yake, mayi woluka tsitsi yake, wogulitsa makala nayenso yake. Makolo anayamba kufunsa matabuleti oti ana aziphunzirirapo. Katundu akafika m'mawa, pofika madzulo pa mashelefu pankatsala fumbi lokha. Amalume anagwetsa khoma n'kukulitsa sitolo. Tsopano ankafuna kutsegula ina pafupi ndi depoti ya mabasi, yaikulu kuposa iyi.

Nanga akaiyendetse ndani? Amalume sankanena. Koma Chaja anali ndi maso.

Anaona msuweni akupatsidwa kiyi wa chipinda chosungira katundu. Anamuona akutengedwa kukakumana ndi amalonda obweretsa mafoni. Tabuleti yamtundu watsopano ikafika, woyamba kuimatula m'bokosi ankakhala msuweni. Ndipo chomwe chinkamuwawa koposa n'chakuti amalume ankatuma Chaja yemweyo kuti aphunzitse msuweniyo ntchito.

"Umusonyeze zonse, mphwanga," ankatero. "Usamubisire kanthu."

Ankamusonyezadi, uku akukukuta mano. Anamuphunzitsa kuzindikira foni yachinyengo pongoinyamula. Anamuphunzitsa kulankhula ndi kasitomala amene akuchita manyazi kunena kuti m'thumba mwake ndi mopepuka. Msuweni ankagwira msanga, ndiponso ankathokoza mwaulemu, zomwe zinkangowonjezera mkwiyo. Akanakhala mbuli kapena wamwano, bwenzi Chaja akugona tulo tabwino.

Tsiku lina kunalowa mayi wina amene anayamba kugula kwa Chaja kuyambira nthawi ya pakhonde ija. Anamupatsa moni bwinobwino, kenako n'kufunsa, "Kodi mnyamata wodziwa matabuleti uja alipo?" Chaja anamwetulira n'kumulozera. Nkhomaliro ya tsiku limenelo sanaidye.

Anaona kuti zonse zili poyera. Iye anali mwana wa mlongo chabe, wonyamula makatoni. Makiyi ankadikira mwana wobereka okha.

Kutsidya kwa msewu kunali sitolo ina ya mafoni, ndipo mwini wake, amene ankalimbirana makasitomala ndi amalume, anakhala akumunyengerera Chaja kwa nthawi yaitali. M'mawa wa tsiku lomwe ankapukuta galasi lija, Chaja anali atamuvomera. Kuseka kuja kutamvekanso, anaponya nsanza pa kauntala n'kutulutsa foni yake. Analemba uthenga wachidule woti kuyambira mawa azimupeza kutsidya, ndipo mitengo kumeneko ndi yabwinopo. Anasankha makasitomala onse amene anawasonkhanitsa zaka zonsezi. Chala chinazengereza pang'ono. Mu ofesi muja wina anawomba m'manja mosangalala. Chaja anadina.

Foni inayamba kunjenjemera ndi mayankho. Ena ankamufunira zabwino, ena ankafunsa ngati wayambana ndi amalume. Kubweza kunalibenso, ndipo kwa kanthawi mtima wake unamva kukoma.

Chitseko chinatseguka. Amalume anatuluka, msuweni ali pambuyo, onse nkhope zili ngwee.

"Mphwanga, tabwera kuno," anatero amalume. "Tili ndi nkhani."

"Nkhaniyo ndikuidziwa kale, amalume," anayankha Chaja osasuntha. "Musavutike n'kundifotokozera. Ine ndapeza ntchito kutsidyaku, ndipo makasitomala ndawauza kale. Mwana wanuyu akayendetse sitolo yakeyo mwamtendere."

Msuweni anayang'ana bambo ake. Amalume anafunafuna pokhala, n'kutsikira pa katoni ya mafoni.

"Yake iti?" anafunsa motsitsa mawu. "Uyu timamukonzekeretsa kuti atsale pa kauntala yakoyi. Sitolo yatsopanoyo ndailembetsa m'dzina lako, ndipo chikwangwani chake achikhoma m'mawa uno."