Ukavulala Uzinena

Tsiku lomaliza mnyamata wina kuwaona achimwene ake ali moyo, iwo ankamukalipira pa masewera owomberana a pakompyuta.

"Iwe, ukavulala uzinena! Timu ikupulumutsa bwanji uli duu? Ndipo usamalowe m'chipinda wekha, uzidikira mnzako. Ku koleji unathawa, kunonso ukufuna kutithawa?"

"Ndamva, achimwene."

Iwo anaseka, n'kutsokomola, amvekere ndi fumbi chabe. Sabata yomweyo anapita kuchipatala okha, osauza munthu, ndipo sanabwereko. Matendawo anali atawabisa kalekale.

Tsopano mpikisano wayandikira, koma timu ya anthu asanu yatsala ndi anayi.

"Aise, tapeza wina wodziwa kuwombera," anatero mnzake m'mahedifoni. "Koma kuti alowe, uchotse kaye dzina la akulu aja."

Mnyamatayo anatsegula tsamba la timu. Batani lochotsera dzina analiona, koma sanalidine.

"Wakhala chete bwanji? Uli bwino?"

"Ndili bwino," anayankha, n'kuzimitsa maikolofoni.

Dzina la achimwene ake linali pamwamba, lotuwa. Pansi pake panali tsiku limene anasewera komaliza: 14 Malichi.