Nsomba za Alamu

Tryphena anavuula nsomba ina yakufa ndi sefa ya tiyi n'kuyiika pa mbale. Pambalepo panali patadzaza kale tinsomba tofiira ndi tabuluu, tochepa kuposa matemba. Zamoyo zinatsala zowerengeka, zili duu pakona ya thanki.

Thanki yagalasiyo inali ya alamu ake, a Conrad, amuna a mkulu wake Miriam. Pa boma la Lundazi anthu ankachita kubwera kudzaiona. Unali munda weniweni wa m'madzi, wa udzu wobiriwira ndi timitengo, nsomba zikuyenda pakati. Pansi pa tebulo panali silinda ya gasi wodyetsa zomerazo, ndipo pakhosi pake panali mageji awiri onga mawotchi. Muvi wa kumanzere unkaonetsa mphamvu ya gasi wa m'silinda. Wa kumanja unkaonetsa gasi wopita m'madzi. Lamulo la a Conrad linali limodzi: wokhudza pamenepo anyamule chikwama.

Tryphena anachoka kwa Mwase kudzalembanso mayeso a giredi 12. Kunyamula chikwama kunali kubwerera ku munda wa fodya, ndiponso kwa bambo wina wamitala amene ankangobwerabwera kwa amalume ake ndi paketi ya shuga.

M'mawa wa tsikulo, a Conrad ali ku msonkhano wa kuntchito ku Chipata, iye ankakolopa pabalaza. Anaona fumbi pa mageji aja. Nsanza inali kale m'manja, ndiye anangopukuta, pang'ono chabe. Asanamalize n'komwe kukolopa anamva kuwira. Kabotolo komwe masiku onse kankatulutsa thovu limodzilimodzi kanali kakubwadamuka ngati phala. Muvi wa kumanja unali utakwera. Nsomba zonse zinathamangira pamwamba, kukamwa yasa.

Anagwira chotsekera chachikulu cha pamutu pa silinda n'kuchipotokola mpaka chikhatho kuwawa. Kuwira kunaleka. Kufa sikunaleke msanga.

"Iwe, manja yako yamakuyabwa?" anakalipa Miriam ataona mbale ija. "Ufuna kunipasulila ukwati? Kalonge katundu."

Anakalongadi. Chakudya cha masana chinamukanika. Anaganiza zonamizira kuzima kwa magetsi, kenako mphaka wa aneba, koma nsanza ija anagwira yekha ndipo mtima wake unkadziwa. Tinsombato ankatidyetsa ndi iyeyo. Kena kofiira kankakonda kutsatira chala chake pagalasi, ndipo tsopano kanali pambale, m'mimba muli m'mwamba.

A Conrad anafika dzuwa litapendeka, akuimba mluzu.

"Mkazi wanga wamng'ono ali kuti? Namubweletsela mabanzi ya ku tauni, aleke kuniyang'ana monga nili na nkhongole yake!"

Anamupeza atagwada pakati pa balaza.

"Phepani, mulamu. Ndine nalakwa. Nenze kupukuta chabe fumbi."

Mluzu unathera pomwepo. A Conrad anayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Kenako ananjuta pa silinda, atawafulatira onse awiri. Anatsegula chotsekera pang'ono, n'kuyang'ana mageji, n'kutsekanso msangamsanga. Anakhalabe chonjuta. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo kulowa m'kolala.

"Chola chake chili pakhomo," anatero Miriam. "Mailo m'mawa akwela minibasi yoyamba. Nizamupelekeza neka."

Tryphena anaweramitsa mutu. Sanapemphe kalikonse. Ankaona kuti n'zomuyenera.

"Musiyeni," anatero a Conrad osatembenuka. "Walakwa, wapepesa. Alembe mayeso yake."

Miriam anaomba m'manja n'kugwada nayenso. "Yewo, adada, yewo chomene. Iwe, waona mtima wa alamu ako? Mwamuna wina sembe wakuponyela chola pamsewu. Yamika!"

Tryphena anayamika akulira. Analonjeza kuti sadzayandikiranso tebulolo, ndipo kuti mlandu umenewu sadzauiwala moyo wake wonse.

"Basi, basi, imilila," anatero a Conrad.

Anatenga mbale ija n'kutuluka nayo kuseri kwa nyumba, osayang'ana munthu kumaso. Anakumba kadzenje patsinde pa mpapaya.

Muvi wa kumanzere a Conrad anauona ukutsika asananyamuke ulendo wa ku Chipata, n'kungoti adzaona akabwera. Ankadziwa bwino lomwe kuti silinda yawoyo ikafika pothera imasanza gasi yense nthawi imodzi, kaya wina wapukuta fumbi kaya ayi. Nsomba zotsalazo zinali moyo chifukwa cha dzanja lomwe anali atangolikhululukira.