Bulu, Njovu ndi Dengu la Lestina

Dengu la Lestina litangokolekedwa pa sikelo, funso linabwera monga mwa masiku onse.

"Akalaliki, nanga ku Amereka kuja zikuti bwanji lero? Akutsogola ndani, bulu kapena njovu?"

A Lackson Makwinja anapanikiza pensulo kukhutu natsokomola pang'ono. Ntchito zawo pa shedi ya masamba ya esiteti ija ku Thyolo zinali ziwiri basi: kuyang'ana sikelo, ndi kupisa dzanja m'dengu lililonse mpaka pansi kuti aone ngati wothyola tiyi sanabisemo masamba okhwima kapena mwala. Koma munthu sangafotokoze za Amereka manja ali m'dengu. Amereka amafuna manja onse awiri.

"Chipani cha bulu chikukoka, achemwali," anatero uku akutambasula mikono. "Dziko lija n'lozunguza mutu. Eni ake akulota zopita kumwezi, koma munthu wakuda akangokhala pampando m'sitolo n'kupempha khofi, amamuitanira apolisi. Khofi chabe! Akanapempha nkhuku, bwenzi ataitana asilikali."

"Motsitsa, akalaliki," ananong'ona Lestina. "Mawu anu amandikomera mukamalankhula motsitsa."

A Lackson anatsitsa mawu, mtima uli dyokodyoko.

Nzeru zonsezi ankazitola m'magazini akale amene khukhi wa kwa bwana ankakulungiramo mafupa, kuphatikizapo wayilesi ya pasitolo ku Goliati, imene inkalira ngati nkhumba yomangidwa. Chaka chonse cha 1960 bamboyu anali akulalikira za chisankho cha kutsidya kwa nyanja, kumene chipani cha chizindikiro cha bulu chinkalimbana ndi cha njovu, koma omvera analibe. Amuna ankangoti, "Kodi Amerekayo tidya?" Amayi ankayasamula. A Lackson zinkawapweteka ndithu, poti analinso munthu wa zaka makumi anayi amene kunyumba kwake kunalibe womufunsa ngakhale za mvula.

Ndiye kunabwera Lestina, wochokera cha ku Kapichi, woonda ngati bango. Tsiku loyamba lomwe a Lackson anamuzonda kumbuyo monga amachitira munthu wofuna banja, ndipo anapeza kulibe mbereko, kuli dengu lokha. Mtsikanayo ankafunsa mafunso a munthu wophunzira. Bwanji dziko lolemera chonchija lili ndi amphawi? Bwanji akuluakulu awiri ofuna upulezidenti akukanganira pa kanema m'malo mopita kubwalo? Akamvera yankho, ankatsitsa yekha dengu lake mosamala ngati muli mazira, n'kukakhuthulira kuseri kwa shedi. A Lackson ankati ndi manyazi, ndipo manyazi oterewa ankawakonda.

Kulimbikira ntchito nakonso! Dengu la Lestina linkaposa la mayi aliyense, ndipo sabata iliyonse linkaonjezekera kulemera. A Lackson sanadabwe. Chikondi chimapatsa munthu mphamvu. Kapitawo wa kufakitale atadandaula kuti masamba a shedi imeneyi akufika opepuka, iwo anamufotokozera bwinobwino kuti dzuwa la Okutobala limamwa madzi a m'masamba, ndipo kuti ngakhale ku Amereka zimatero.

Tsono chisankho chija chinatha, ndipo a Lackson anagwidwa mantha. Nkhani ikatha, adzalankhula chiyani ndi Lestina? Anaona kuti nthawi yakwana. Anali atauza kale amalume awo kuti akonzeke za unkhoswe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho tsiku limenelo anabwera ku shedi atamanga tayi, dzuwa likuswa mtengo.

Mzere wa amayi unasendera pang'onopang'ono. Madengu a enawo anawapisa mwaukali, mpaka wina anamubweza chifukwa cha timitengo tiwiri. Kenako linafika dengu lija, ndipo muvi wa sikelo unagwada.

"Akalaliki, ku Amereka?"

"Bulu wapambana."

Anathera pomwepo.

"Basi?" Lestina anayang'ana dengu, n'kuyang'ana iwo. "Nanga njovu yatani? Yalira? Fotokozani, akalaliki, tiyambireni pachiyambi."

"Lero za Amereka ayi, achemwali. Lero ndili ndi mawu anga."

"Iyayi, za Amereka zomwezo! Nanga za khofi zija zinatha bwanji?"

A Lackson anamva chisoni chosakanikirana ndi chimwemwe. Mwana wa eni akuchita manyazi, wadziwa chimene chikubwera. Amayi a pamzere anali atagwira pakamwa, ndipo iwo anati m'mtima mwawo, aone, mboni zichuluke.

"Lestina, ine ndine munthu wa nyumba ya malata. Njinga ndili nayo. Chimene ndikusowa..."

Munthu amene ankadzudzula maboma a kutali mosaphethira analephera kutchula liwu limodzi la kwawo konkuno. Manja aja, amene anazolowera kuuluka m'mwamba, lero anasowa ntchito. Anangolendewera poyera, anthu onse akuona. A Lackson anafuna powabisa, ndipo malo apafupi anali amodzi okha. Anawalowetsa m'dengu la Lestina, koyamba m'miyezi itatu.

Pansi pa masamba china chake chofunda chinawagwira chala, n'kuyamba kuchiyamwa.

Atakankha masamba aja anapeza khanda lonenepa ngati dzungu, tsamba la tiyi lili pamphumi, likutsegula diso limodzi.

"Chonde, akalaliki, pitirizani za Amereka," anadandaula Lestina. "Mukasiya amadzuka."