Maswiti Ofiira a Amayi

Panali munthu wina, mayi wa ana awiri, telala wosokera pakhonde la nyumba yake. Amene anandiuza nkhaniyi amamudziwa bwino, ndipo akuti kuyambira pamenepo wondiuzayo sasiyanso botolo la mankhwala pamene mwana angafikire.

Mwana woyamba anali mtsikana wa zaka zinayi, wa kusukulu ya mkaka, amene bambo ake ankamutcha Dona. Wachiwiri anali mnyamata wongoyamba kumene kukwawa. Mayiyu ankawakonda ana akewo mosaneneka. Kanthu katsopano kalikonse ankakajambula pafoni. Dona atayamba kukwera pampando kuti afikire pashelefu, anamujambula. Ataphunzira kutsegula yekha botolo la mafuta odzola, anamuombera m'manja. "Mwana wanga ndi wochenjera ngati ine," ankatero.

Koma Dona anali ndi mavuto awiri: kumana ndi kukana mankhwala. Za kumanazo makolo analimbana nazo tsiku ndi tsiku. "Ukakhala ndi chabwino, uzigawira mlongo wako. Womana safunika muno." Pang'onopang'ono mwana anamva. Bisiketi ankainyema pakati, ina n'kumupatira khanda m'dzanja, nyumba yonse n'kumuyamikira.

Za mankhwala, mayi uja anapeza njira yachidule. "Si mankhwala awa, ndi maswiti," ankatero, Dona n'kuyasamula. Iye mwini chiberekereni khanda lija ankamwa mapiritsi owonjezera magazi, ofiira, osalala, otsekemera pamwamba. Dona akafunsa, yankho linali lomwelo: "Awa ndi maswiti a amayi."

Tsiku lina mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, anamva zimenezi.

"Alamu, musamatero. Mwana amakhulupirira chilichonse chochokera pakamwa pa mayi ake. Komanso botololo likwezeni, mulitsekere. Simukuona kuti akufikira?"

"Mudzabereke anu kaye, ndiye mudzatiphunzitse kulera," anayankha telala uja, maso ali pa singano.

Mlamuyo mawu aja anamulasa. Ananyamula chikwama chake n'kumapita.

Tsoka silinunkha. Patapita masabata angapo, mayi uja analandira ntchito ya madiresi a ukwati, eni ake akumuimbira foni kosalekeza. Anaika ana onse awiri kuchipinda, nauza Dona kuti, "Ndiwe wamkulu, uzimusamala mlongo wako." Makina osokera anayamba kulira. M'nyumba munali zii, ndipo iye anakondwa kuti lero ana amupatsa mtendere. Wolera ana aliyense amadziwa kuti nyumba ikati zii, umasiya zonse n'kuthamanga. Iye anapitiriza kusoka.

Madzulo khanda linayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Mayi woyandikana naye nyumba anabwera, napisa chala m'kamwa mwa mwanayo.

"Aa, ndi mano awa. Gwirani apa, lina likutuluka. Onse amatero."

Dzino linalikodi, kakang'ono koyera. Mtima wa mayi uja unakhala pansi, mpaka anajambula kadzinoko kutumizira achibale. M'mawa mwake mwana anaoneka ngati wapeza bwino, anayamwa, anasekako pang'ono. Bambo anapita kuntchito osadandaula kanthu.

Masana mayi uja anakumbukira kuti dzulo sanamwe piritsi lake. Botolo linali pamalo pake pashelefu, lotsekedwa bwinobwino. Atalinyamula linali lopepuka. Analigwedeza, silinalire. Pansi pa shelefu panali kampando ka Dona.

"Dona, bwera kuno. Maswiti a amayi ali kuti?"

Mwana anabwera akumwetulira, monyadira ngati wabwera ndi mphoto ya kusukulu.

"Ine ndinangonyambita amodzi, m'kati ndi owawa, ndinalavula. Koma sindinamane, amayi. Ndinamugawira onse. Iye amameza."

Mayi uja anafumbata botolo lija. Anatola khanda, lomwe tsopano linali lofooka, maso atatembenuka, nathamanga wopanda nsapato mpaka pamsewu. Dona ankamutsatira akufunsa, "Amayi, simundiombera m'manja?"

Kuchipatala adokotala anayang'ana botolo, nayang'ana mwana.

"Wamwa liti?"

"Dzulo masana."

"Mankhwala awa amanyenga, mayi. Mwana amaoneka ngati wachira pamene m'kati zikuwonongeka. Mukanabwera dzulo lomwelo."

Anayesetsa zonse zimene akanatha. Mlamu uja ndiye anali woyamba kufika, ndipo sanatchule kanthu za tsiku lija. Anangomugwira dzanja. Tsiku lotsatira mwana anatisiya, kadzino kake kasanamalize n'kutuluka komwe.

Palibe amene anamukalipira Dona. Akanamukalipira chiyani? Kukwera pampando anamuombera m'manja. Kutsegula botolo anamujambula. Kugawa anamuphunzitsa okha, ndipo za maswiti anamuuza ndi mayi ake omubereka.

Makina aja akuti anaphimbidwa nsalu ndipo sanalirenso. Koma chimene chimamupweteka kwambiri mayi uja ndi cha m'mawa uliwonse. Dona akapatsidwa bisiketi amainyemabe pakati. Ina amadya, ina amakaika pa kabedi kopanda munthu, n'kubwera kudzanena kuti, "Amayi, ndamusungira. Sindine womana."

Phunziro: Mankhwala ndi mankhwala, musamuuze mwana kuti ndi maswiti ngakhale mwanthabwala. Atsekereni kumene dzanja lake silingafike, ndipo mwana akayamba kufikira malo atsopano, musanajambule yambani mwaona zimene zili pamenepo. Mwana akadwala mwadzidzidzi musangoti ndi mano, thamangirani kuchipatala. Wokuchenjezani musamunyoze chifukwa alibe mwana. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu, itumizeni kwa aliyense amene m'nyumba mwake muli wokwawa ndi wokwera pampando.