Nkhata ya Maluwa pa Kanema

Pa tsiku lolemekeza aphunzitsi, mphunzitsi a Dhungana anaweramitsa mutu kuti avekedwe nkhata ya maluwa. Pabitra, mtsikana amene ankamunyadira m'kalasi yawo ya sayansi, anangowadutsa n'kukaikoleka pa kanema wapakhoma, pomwe mayi wina wa kumzinda wa Kathmandu ankafotokoza za maginito.

Kalasi yonse inaomba m'manja. Wina anathamanga kukapaka utoto wofiira wosonyeza ulemu pamphumi pa mayiyo pakanemapo.

"Awa sakalipa, aphunzitsi," anatero Pabitra. "Ukapanda kumva amabwereza ngakhale kasanu."

Zaka makumi awiri akumeza fumbi la choko, ulemu n'kupita kwa munthu wosadziwa dzina la mwana ngakhale mmodzi!

A Dhungana anapita kukhoma n'kuzula pulagi.

"Magetsi athima," anatero, fani ikuzungulirabe pamwamba pa mutu wawo.