Moni wa M'mawa wa a Kaphaizi

M'mudzi mwa Chimbalanga, aliyense akadzuka ankayenera kuyamba wapereka moni kwa kamakina kopachikidwa pakhomo. Kanabwera ndi ofufuza a bungwe lina lachifundo, ndipo kankamva matenda a maganizo m'mawu a munthu asanamugwetse.

Tsiku lina a Kaphaizi atapereka moni, kamakinako kanayaka kofiira. Nagama, mkazi wawo, mtima unangoti myuu, pakuti alamu ake anamwalira kale ndi matenda omwewo atamangidwa pamtengo ngati mbuzi.

"Kakunama aka! Ine ndili bwinobwino," anakalipa a Kaphaizi.

"Bambo a Tiyanjane, khoma timamata likadali ndi mng'alu, osati litagwa. Valani nsapato," anatero Nagama.

A Kaphaizi anapita kuchipatala akung'ung'udza njira yonse. Kumeneko anawapatsa mankhwala ndi phungu wocheza nawo. Nagama anasiya kuwafunsa za kumunda, n'kumawafunsa mmene agonera, ndipo wailesi ankaitsitsa akawaona atagwira mutu.

Atakolola, mwana wawo Tiyanjane anakwatiwa. Paukwatipo a Kaphaizi anavina mpaka fumbi koboo, jekete ili paphewa. Nagama analowa m'bwalo akululutira.

"Patukani, anthuni, ndivine ndi amuna anga!"